Bambo Chete ndi Sutikesi ya Akazi Awo

Bambo Chete akafika pa nyumba yogona alendo, safunsa za bedi. Za madzi otentha alibe nazo ntchito. Amaima pakati pa chipinda, n'kuwomba m'manja kamodzi, kenako n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yamva kabawi. Akakhutira, amatsegula wadiropu, n'kulowamo, n'kudzitsekera.

Apa m'pamene wolandira alendo amayamba kuyang'ana kumene kuli khomo.

"Musaope, achimwene," amatero akazi awo, atakhala kale pabedi, akuvula nsapato. "Sanapenge ayi. Ofesi yawo ndi imeneyo. Akuiyesa."

M'katimo mumamveka mawu aakulu, onona ngati ng'oma yowambidwa bwino pamoto: "Mutu woyamba. Mutu woyamba." Chitseko chimatseguka, mwini mawu n'kutuluka, ulusi wa kangaude uli paphewa, n'kugamula mlandu: "Titenga," kapena "Tiyeni kwina."

Ntchito yawo ndi yowerenga mabuku mokweza. Amajambula mawu awo n'kuwatumiza pa intaneti kwa anthu amene amawalumikiza kuti likhale buku lomvetsera: la osaona, la madalaivala a mitunda italiitali, la aliyense amene manja ake ndi otanganidwa koma makutu ali pa ulova. Kale anali mphunzitsi. Dzina lakuti Chete anawapatsa ndi ana asukulu, ndipo linawatsatira mpaka ku ntchito yatsopanoyi, kumene linawakwana ngati nsapato yochita kuyeza phazi. Akazi awo anthu amawatchula Mayi Chete. Limeneli ndiye dzina lonama kuposa onse pansi pa thambo, pakuti mayiwa anabadwa akulankhula, ndipo pa utsikana wawo ankatsogolera nyimbo mu kwaya.

Nyumba anali nayo, ya lendi, ya mtengo wa mandimu kuseri. Ana atakula n'kumwazikana, woyandikana nawo anatsegula malo owotcherera zitsulo. Bambo Chete anayesa kujambula m'mamawa, atambala anawatsutsa. Anayesa masana, makina odulira zitsulo ankalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Tsiku lina anatuluka mu wadiropu, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Mayi, phokoso silipirikitsika. Othawa ndife." Mipando anagawira ana. Makiyi anabweza kwa mwini nyumba.

Kuyambira pamenepo amayenda ndi nyengo. M'chilimwe, nyenje zikayamba kuboola makutu m'zigwa, amakwera kumapiri. Mvula ikayamba kuimba pamalata, achule n'kumavomereza, amatsikira m'matauni, m'nyumba za denga la simenti. M'masika amathawa zigayo ndi maukwati. M'nyengo yozizira mphepo imaliza likhweru m'ming'alu ya mawindo, ndiye amafuna chipinda chapakati. "Bata lili ngati bowa," amatero. "Lero lamera apa, mawa kafuneni kwina."

Chikwama chawo chakumsana ankachinyadira ngati mwana wachisamba. Munali laputopu yopyapyala, ndi maikolofoni imene ankaiveka sokisi yaubweya kuti mpweya wa pakamwa usamaiwombe. Munali zomvera m'makutu zazikulu ngati zikho, ndi kabokosi kogwira netiweki kamene ankayenda nako windo ndi windo atakakweza m'mwamba ngati nsembe. Batire yosungira moto inalimo, ya tsiku limene magetsi athawa, ndi sola yopinda ngati nsalu. Nthambo iliyonse inali yokulungidwa payokha ndi kamphira. Mswachi anaudula mchira kuti upepuke.

Ndiye panali sutikesi ya akazi awo. Dzina lake inali Njovu. Inali yofiirira, yotupa mimba, tayala lina linathawa kalekale. Makondakitala akainyamula ankafunsa ngati muli munthu. Munali madiresi, masiketi, majuzi, jekete lolemera la malemu mayi awo, ndi diresi la kwaya limene linasiya kuwakwana ana asanabadwe. Akalowa m'chipinda chatsopano, Mayi Chete ankayamba ndi kupachika zonsezi mu wadiropu, chimodzichimodzi, akuzisisita ndi dzanja.

"Pamene papachikidwa diresi langa ndiye kwathu," ankatero.

Amuna awo ankadandaula kuti ofesi yawachepera, kenako n'kudzipanikiza pakati pa madiresiwo, pa kampando kopinda, laputopu pamaondo, maikolofoni pamphuno.

Akangoti "Tayamba," dziko linkayenera kufa. Mayi Chete ankavula zibangili n'kuzibisa pansi pa pilo. Pabedi ankakhala osatembenuka, poti masipuling'i amalira. Tiyi ankamwa wosatakasa, shuga n'kutsala pansi, poti supuni imagunda kapu. Chifuwa ankachimeza. Kuyetsemula ankathamanga nako panja ngati wafumbata khala lamoto. Zinkatero kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo bambowo akatuluka, mayi akati ayambe kucheza, iwo ankangoloza pakhosi. "Ndikusunga mawu a mawa."

"Mawu anu afika kumaiko akutali," anatero mayiwo tsiku lina. "Anga akuchita nkhungu m'kamwa muno."

"Mmm," anayankha Bambo Chete.

Munthu yekhayo amene Bambo Chete ankamuopa anali mkonzi wa mawu, mayi wina amene sanaonanepo naye maso ndi maso. Ankamutcha Makutu. Makutu ankamva zimene khoswe sangamve. Ankaimba foni n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pa tsamba la m'mawa lija mimba yanu yalankhulapo. Muzidya kaye." Kapena, "Kumanzere kwanu kuli mbuzi. Ipatseni moni, kenako mubwereze."

Zinthu zinavuta kumapeto kwa chilimwe china. Anali pakati pa buku lalitali, loseketsa, la mkulu wina amene anagula bulu wosamva kuti akope naye mtima wa mayi wamasiye. Sabata imeneyo Bambo Chete anali atalandira chida chatsopano, kabokosi ka siponji kopinda, kamene ogulitsa ankati kamameza phokoso lililonse. Ankangokapinda n'kukatambasula, kukapinda n'kukatambasula, ngati mwana wapatsidwa ambulera. Tsiku lina m'mawa kudepoti, pokweza Njovu m'basi, msana wawo unalira. Atakhala pampando anatulutsa zakukhosi.

"Mayi a kunyumba, Njovuyi ichepe."

"Nyumba yake iti?"

"Sindikuseka. Taonani changachi. Chilichonse chili m'menemu chili ndi ntchito yake. Woyenda asamanyamule zopanda ntchito. Zopanda ntchito zizitsala."

Mayi Chete anatembenukira kumbali. Anayang'ana pawindo minda youma, mapesi otsamirana, utsi wa lupsa paphiri. Amuna awo anayesa kuti avomera. Anali atazolowera kuwaona ali duu, mpaka anaiwala kuti bata nalo lili mitundumitundu.

"Chabwino, bambo," anatero mayiwo patapita mtunda. "Basiyi idutsa m'tauni ya mng'ono wanga. Zopanda ntchito zitsikira pamenepo."

Pa siteji inayamba kutsika ndi Njovu. Mwini wake anatsatira. Anaima pansi pa windo la amuna awo, akukonza mpango kumutu.

"Mng'ono wanga ali ndi kamunda kuseri kwa nyumba. Ndikagalauza mizere. Mvula yoyamba ikagwa, ndidzala. Ndipo inu mukudziwa, wodzala sayenda."

"Koma mayi..."

"Chete, bambo. Sungani mawu."

Basi inanyamuka. Bambo Chete anadziuza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, uphwa ngati mame. Anakumbatira chikwama chawo. Chinali chopepuka bwino.

Kumapiri anapeza chipinda chimene anachifunafuna zaka zonse. Chinali kumapeto kwa khonde, makoma ake ochindikala, tambala kulibe, netiweki yodzaza. Wadiropu yake munthu akanatha kugonamo atatambasula miyendo. Mahang'ala opanda kanthu ankagundana, ndiye anawatsitsa. Anatambasula kabokosi ka siponji, anaveka maikolofoni sokisi, n'kujambula mitu yotsiriza ya buku la bulu popanda chowasokoneza. Atatumiza anadzipangira tiyi. Anatakasa. Supuni inalira m'kapu, kulira kwake n'kudzaza chipinda chonse. Bata limene analithamangitsa m'zigwa ndi m'mapiri linali litafika, litakhala pabedi, pomwe paja pankakhala akazi awo.

Makutu anaimba m'mawa mwake.

"Aphunzitsi, mwagwera m'chitsime?"

"Ayi, ndili bwinobwino."

"Mawu anu akubwerera. Mitu yoyamba ija ndi yofunda, ngati munthu akukulankhula pafupi. Iyi mukumveka ngati mwavala ndowa kumutu. Omvera ayesa kuti wowerenga woyamba anathawa."

"Komatu ndagula kabokosi kapadera..."

"Kabokosiko ndakamva. Kakuyesetsa. Chimene chinali mu ofesi yanu kale, chibwezeni."

Anayesa zonse. Anadzifunditsa bulangeti kumutu mpaka zilembo zinayamba kusambira m'thukuta. Anaimika matiresi, matiresi n'kuwagwera pakati pa chiganizo. Anabwereka makatani kwa mwini nyumba. Anapachika timalaya tawo tochepa, tinangooneka ngati anthu ofika msanga pa msonkhano umene ena onse aukana.

"Tsopano mwatuluka m'chitsime, mwalowa mu mtsuko," anatero Makutu. "Koma ndifunseko china. Munthu uja wapita kuti?"

"Munthu uti?"

"Woseka m'pilo uja. M'mitu yonse yoyamba, bulu akangochita zake, chapatali pamamveka munthu akuseka atadzitseka pakamwa. Ndakhala ndikumudula nthawi yonseyi. Koma inu mumamumva, poti mumaima pang'ono kumudikira. Tsopano mukuthamanga ngati wolengeza za basi yonyamuka."

Bambo Chete sankadziwa kuti ankamva kuseka kumeneko. Anatseka foni n'kukaima pawindo. Mitambo inali itaunjikana, yoyera kumutu, yakuda kumimba. Mitengo inali itatulutsa timasamba tofiira, monga imachitira ikamva mvula isanafike. M'munsi mwa khoma nyerere zinkasamutsa mazira. Kamphepo kanabwera ndi fungo la fumbi lonyowa, lochokera kutali. Zizindikiro zimenezi ankazidziwa bwino, poti chaka ndi chaka ndizo zinkawauza kuti yakwana nthawi yothawa malata. Tsiku limenelo zinawauza china. Anakulunga nthambo zonse pamodzi, mosasamala, n'kuthamangira basi.

Mlamu wawo, mng'ono wa Mayi Chete, ndi telala. Anamupeza pakhonde akupalasa makina osokera, wailesi ikulira pambali, nkhuku zikukangana pansi pa tebulo.

"Ee! Alamu! Mwatuluka mu kabati?"

"Akulu anu alipo?"

"Ali kuseri. Akwatiwa ndi khasu. Mwamuna wabwino, sawaletsa kuimba."

Ndipodi kuseriko kunkamveka nyimbo. Mizere inali itagona mowongoka, yakuda, yodikira. Pamutu pa munda panali beseni la mbewu. Mayi Chete anaona amuna awo, koma anamaliza kaye vesi.

M'basi muja Bambo Chete anali atakonza mawu abwino, osalala, oti ngakhale mwala ukanafewa. Koma munthu amene watha zaka akuwerenga mawu a eni ake, akafuna ake amawapeza atabalalika. Anatsegula pakamwa.

"Ndabwera kudzabwereka sutikesi."

Khasu linaima m'malere. Mlamu, amene anali atawatsatira, anagwira nsanamira kuti asagwe.

"Mwamva, achemwali? Adzafunsira madiresi! Mwini wake ayi!"

"Zikuoneka kuti zovala zimameza mawu obwerera," anafotokoza Bambo Chete, akukumbabe dzenje lawo lomwelo. "Siponji ija yalephera."

"Ohoo," anatero Mayi Chete. "Ndiye kuti Njovu yapeza ntchito."

"Yapeza."

"Tithokoze. Ili kuseri kwa chitseko. Katengeni. Jekete la amayi musalipinde."

Khasu linatsika, nyimbo n'kuyambiranso.

Bambo Chete anakoka Njovu kudutsa pabwalo. Tayala lotsala lija linkalira njira yonse ngati likuwanena. Kutali kunagunda bingu. Atafika pageti anaima, anaigoneka sutikesiyo, n'kukhalapo. Basi ya masana inafika, kondakitala anamenya chitseko n'kuwakodola. Iwo anapukusa mutu. Basi inapita ndi fumbi lake. Anakhalabe pomwepo, chikwama pamaondo, mphepo ikuwaponyera timasamba touma.

Patapita nthawi akazi awo anatulukira, akupukuta manja.

"Basi yakusiyani."

"Ndaiona."

"Yalemera?"

"Yalemera. Koma si chimenecho." Anasisita chikwama chawo. "Makutu akuti munkaseka."

"Asaseke ndani? Bulu ameneyo akufanana ndi munthu wina amene ndikumudziwa." Anayang'ana kumwamba, kenako kuphazi kwawo. "Kodi mkulu wa m'buku uja anamukwatira mayi wamasiyeyo?"

"Simunamve mathero?"

"Ndikanamvera kuti? Ndinatsikira pakati pa nkhani."

Bambo Chete anakokeranso Njovu kukhonde. Anatsegula chikwama n'kutulutsa laputopu yokha. Maikolofoni anaisiya ikugona mu sokisi yake. Anakhala pa sutikesi, akazi awo anavundikira ndowa n'kukhalapo, iwo n'kuyamba kuwerenga. Makina osokera sanaime. Wailesi sinazime. Nkhuku ina inaikira dzira n'kuuza dziko lonse.

"Bodza!" anadula Mayi Chete. "Bulu analowa m'tchalitchi? Tabwerezani pamenepo."

Anabwereza.

"Koma ndi wopepera bambo ameneyu. Akanangomuuza mayiyo kuti amamufuna. Bulu walowapo bwanji?"

"Amuna zimativuta," anatero Bambo Chete, maso ali pa zilembo. "Timayambira kutali."

"Ena amayambira pa sutikesi," anaponya mlamu, osadzutsa mutu pa makina.

Mayi Chete anaseka. Anaseka ndi pakamwa ponse, mutu kumbuyo, zibangili zikulira. Amuna awo anaima n'kudikira mpaka kuseka kuthe, ndipo anazindikira kuti kudikira kumeneku ankakudziwa kale.

Dontho loyamba linagwa pamalata ngati kamwala. Linatsatira lina. Kenako thambo linang'ambika. Mvula inaimba padenga mpaka wailesi inasowa, makina anasowa, mawu onona aja anamira. Kunali kutatsala tsamba limodzi. Bambo Chete anasendera pafupi, anaika pakamwa pa khutu la akazi awo, n'kukuwa mathero onse, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, osasungako kalikonse ka mawa. Mayi wamasiye uja analola. Anati walola chifukwa cha bulu.

Fungo la dothi linakwera kuchokera pabwalo. Madzi ankatsika m'malata ngati mikanda.

"Achemwali," anakuwa mlamu, "mvula yanu ndi imeneyi. Nanga mbewu zija?"

Beseni anali atalithawitsira pakhonde. Bambo Chete analiyang'ana. Akazi awo analiyang'ananso, nthawi yaitali ndithu. Kenako anadzuka, anatola chitini chopanda kanthu chimene mng'ono wawo ankasungiramo mabatani, analowa m'mvula n'kuchidzaza dothi la pa mzere. Anabwera akudontha. Anasankha timbewu ta tsabola n'kutikankhira m'dothimo ndi chala.

"Mizere ija dzala iwe, ndakulimira," anauza mng'ono wawo. Anatembenukira kwa amuna awo. "Ndinati ndidzala, ndipo ndadzala. Ine si wabodza. Munda uwu muzinyamula ndinu."

"Ndinyamula."

"Ndi Njovu yomwe."

"Ndi Njovu yomwe."

"M'mawa ndi wanu, inu ndi Makutu wanuyo. Dzuwa likafika pamutu, mutulukemo, ndilankhule ine. Ndipo 'mmm' si yankho."

"Nanga mawu a mawa?"

"Walira mvula walira matope, bambo."

Tsiku lotsatira sanajambule, poti khosi linali litasasa. Buku la bulu anakalimalizira m'tauni ina, pansi pa denga la simenti, atapanikizika pakati pa jekete la apongozi ndi diresi la kwaya. Makutu anati, "Takulandirani, aphunzitsi, mwatuluka m'chitsime. Wa m'pilo uja mumupatse moni. Koma mumuuze kuti pilo watopa, akudontha."

Mpaka lero akuyendabe. Kabokosi ka siponji kaja kanapeza ntchito yake: ndi kamene Mayi Chete amakhalira akakwera basi. Tsabola anakula, ndipo chaka chino wabereka. M'chipinda chilichonse amaikidwa pawindo pafupi ndi kabokosi ka netiweki, onse awiri akufunafuna kumwamba. Msana wa Bambo Chete umalirabe m'madepoti, koma saupatsanso mpata wolankhula.

Kuwomba m'manja sanasiye, ndipo mu wadiropu amalowabe. Kungoti akatuluka amayang'ana kaye akazi awo. Mayiwo amaponya mzere umodzi wa nyimbo, n'kumvetsera mmene chipinda chaulandirira, kenako n'kupachika diresi loyamba.

"Titenga," amatero iwo.

Wolandira alendo, atasiya kuyang'ana kukhomo, amafunsa kuti akhala mpaka liti. Mayi Chete amasuzumira pawindo, kuona mitengo ndi mitambo.

"Mpaka nyenje zitipeze."